Chibangili Chobiriwira cha Girdhari

Anzanga, Girdhari ine ndinamuona koyamba atalowa pakhomo pa apongozi anga ndi dengu la zibangili pamutu. Ndinali mtsikana ndithu, kamwana kanga Bindu kakuyamwa, mwamuna wanga atafa kale ndi malungo.

Tsiku la maliro ake amayi a m'mudzi anandiswera zibangili zonse ndi mwala, n'kundiveka sari yoyera, nsalu ya akazi amasiye. Basi, ukazi wanga unathera pomwepo.

Kwathu kuno mwamuna wachilendo sakugwira dzanja, kupatula wogulitsa zibangili. Ameneyo ndiye amaloledwa kukufinya zala kuti galasi lidutse. Ndiye alamu anga anakhala pansi kumutambasulira manja, ine ndili pakona kusankha mphodza.

"Achemwali awo bwanji sakubwera?" anafunsa Girdhari.

"Musiyeni ameneyo, ndi wamasiye," anatero apongozi. "Anadya mwana wanga."

"Mayi, kuonda konseko angadye munthu? Ndi chapati yemwe sangamumalize!"

Ndinaseka, anzanga. Ndinabisa nkhope m'sari koma ndinaseka.

Kuyambira pamenepo, ndikapita kukamweta udzu wa njati zathu zoweta kuseri kwa munda wa mpiru, njinga yake inkangopezeka yaphwa tayala pomwepo. Tayala lophwa Lachiwiri lililonse!

Tsiku lina anatulutsa chibangili chobiriwira.

"Bweretsa dzanja, Phulwa."

"Wapenga? Akandiona andimeta mpala."

"Tichikweza kupitirira chigongono. Kumeneko ngakhale milungu sisuzumira."

Anandifinya zala pang'onopang'ono, chinadutsa... Anandiuza kuti akakolola tirigu tithawira ku tauni ya Gorakhpur, ine, iye ndi Bindu, tikakwatirane kumene sakutidziwa. Ndinamukhulupirira ndi mtima wonse. Ndinayamba kudzola mafuta m'tsitsi mobisa.

Koma chitsiru chija chinakaulula kwa amayi ake. Amayi akewo anathamanga nayo nkhaniyo kwa wansembe wa pakachisi. Sabata yomweyo dengu linagwa panjinga, zibangili zonse phwaa!

Anabwera kumunda nkhope ili gwa.

"Phulwa, dengu lonse lasweka. Ndi chizindikiro."

"Chizindikiro cha chiyani? Msewu wonse ndi maenje, iwenso umapalasa ngati waledzera!"

"Ansembe akuti m'moyo wako wakale, usanabadwenso, unamuthirira mwamuna chiphe m'chakudya. N'chifukwa chake winayu anafa. Wotsatira ndine."

"Analipo ansembewo? Ndiwo anandigwirira mbale?"

"Usanyoze, iwe. Ndi karma yako, mphotho ya zochita zako zakale, ine sindingaisenze. Ukapirira bwino, m'moyo ukubwerawo tidzakwatirana."

"M'moyo ukubwerawo! Nanga ukadzabadwa mbuzi?"

Sanaseke. Anangotambasula dzanja.

"Ndichivule chibangilicho, angachione anthu n'kudziwa kuti n'changa."

Anzanga, apo m'pamene panandipweteka. Osati kundisiya ayi, koma kufuna kufufuta ndi fungo lomwe. Sindinamulole kundikhudza. Ndinamenyetsa mkono pamwala, galasi linandicheka, chipsera chilipo mpaka lero.

Tsopano tamverani chilungamo cha karma.

Girdhari anakwatira Saroj, mwana wa mwini chigayo. Anatsegula shopu mumsika, anamera mimba, sanagonepo m'chipatala. Ine ndinalera Bindu ndi kutsuka mbale za anthu. Ngakhale paukwati wa mwana wanga anandikhazika kuseri kwa nyumba, kuti wamasiye angabweretse tsoka.

Ndikadandaula, anthu ankangoti, "Pirira Phulwa, ukulipira za kale." Za kale ziti? Mwana ukamamukwapula umamuuza chimene walakwa. Koma karmayi imangokumenya, ukafunsa akuti unaiwala. Ukavutika ndiwe wochimwa, ukalemera ndiwe woyera, ndipo amene amakuwerengera zonsezi nthawi zonse ndi wokhuta.

Mwezi wathawu Girdhari wafa. Wafera m'tulo, atadya bwino, zidzukulu zili mbwee. Anthu kumaliro, "Eee, imfa yabwino, karma yake inali yoyera!"

Yoyera!

Ndinapita, ndinaima kumbuyo. Ndinaona amayi akubwera ndi mwala, n'kumugwira Saroj manja. Nkhalamba inzanga, galasi likugwa pansi. Wina pafupi nane ananong'ona, "Kutsala wekha chonchi, pali chimene anachita."

Ndinamutembenukira. "Chimene anachita n'kumuphikira mwamunayo zaka zonsezi, mano iwe ngati chikwanje!"

Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzasangalala. Ayi ndithu. Ndinangoona kuti mwala ndi womwe uja.

Masiku olira atatha, shopu ija itatsegulidwa, ndinalowa. Pakauntala panali Mahender, mwana woyamba wa Girdhari, mphuno ya bambo ake yeniyeni.

"Ndipatse zibangili zofiira. Manja onse awiri."

Anayang'ana sari yanga yoyera. "Agogo... n'za mdzukulu wanu?"

"N'zanga."

"Koma inu si..."

"Gwira dzanja, finya zala. Bambo ako ntchito imeneyi ankaidziwa bwino."

Anatuluka thukuta, koma anandiveka.

Bindu atandiona anagwira pakamwa. "Amayi, anthu anena chiyani? Simukuopa moyo ukubwerawo?"

Ndati ndaopa zaka zokwana. Anzanga, mwamuna akachita mantha n'kukuuza kuti ndi milungu yakana, dziwani kuti wakana ndi iyeyo. Ine ndinakhala moyo wonse m'nsalu yoyera kulipira mlandu umene palibe anauonapo.

Pano ndikamayenda mumsika manja akulira ngwee ngwee, amayi akutsinana. Karma ikandifuna isavutike n'kufunsa njira. Ingotsata phokosolo, indipeza, ndipo ndili ndi mafunso.