Kamchira ka Mfundo ya a Mphande

Ku Kande, aliyense wowedza kampango anakalipiridwapo ndi a Fredrick Mphande. Anali mkulu wamfupi, wouma thupi ndi pakamwa pomwe. Chingwe cha mnzawo chikabwera chopanda mbedza, ankachigwira kunsonga n'kuchionetsa anthu onse. Chingwe chikaduka chokha, ankatero, nsonga imakhala yowongoka. Koma mfundo ikamasuka imasiya kamchira kopotana ngati ka nkhumba, ndipo mwini kamchirako azikalima, asakwerenso bwato lawo. Anatsitsa anthu atatu mwa njira imeneyi, mmodzi mwa iwo ali mng'ono wawo weniweni, Gift.

Ukalamba utafika bwato lawo linaola, anayamba kukwera la Lumbani, mwana wa mlongo wawo. Kupalasa sankathanso. Ntchito yawo inali kumanga mfundo basi, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ndi yokhayo ikuwasungira malo m'bwatomo.

Chaka chatha Lumbani anabwera ndi chingwe chachilendo kuchokera ku Joni, chobiriwira, cholukidwa ndi timaulusi, chopyapyala koma cholimba koopsa. Nsomba imachiona m'madzi, ndiye kunsonga umalumikizako nayiloni woyera wopita ku mbedza. Apa ndi pomwe pali ntchito, chifukwa chingwechi n'choterera, mfundo yakale sigwira. Umachikulunga pa nayiloni maulendo makumi awiri, uku ndi uku, osakwerana, kenaka unyowetse ndi malovu n'kukoka mpaka mfundoyo ide. Ikada ndiye kuti yaluma. A Mphande anaiphunzira tsiku limodzi, mawa lake n'kuyamba kudzudzula mwini chingwe.

Zomwe sanauze munthu n'zoti ng'ala inali itawatseka maso onse awiri. Kuda kwa mfundo sankakuonanso. Ankawerenga ndi chala, n'kukoka mongoyerekeza. Ankachita mantha mkuluyu, ndipo manthawo ankawabisa ndi ukali.

Lachiwiri lina m'mawa, ali kuseri kwa chilumba, kampango wamkulu anadya nyambo. Lumbani anakoka mpaka thukuta kamukamu, a Mphande atagwirizira chingwe pamphepete mwa bwato. Mwadzidzidzi chingwe chinapepuka. Nsonga yake inadutsa m'zala zawo, ndipo anaimva bwinobwino. Kenaka anamva mpeni wodulira nyambo ukukhudza thabwa kumbuyo kwawo.

"Chaduka, asibweni," anatero Lumbani, akuwapatsa nsonga yowongoka. "Chakhula pamwala."

"Tambasula dzanja linalo."

"Asibweni, zisiyeni. Nsomba zilipo zambiri."

"Ndati tambasula!"

Lumbani anatambasula. A Mphande anayang'ana pachikhathopo koma sanaone kanthu, mpaka anachita kufufuza ndi zala ngati wosankha mpunga. Lumbani anaona zonsezi, n'kuweramitsa mutu. Kamchira kanali pomwepo, kopotana.

"Anamanga mfundo iyi ndani?"

Lumbani anayamba kukulunga chingwe.

"Palasa, ukanditsitse," anatero a Mphande.

Katatu konse Lumbani anapita kunyumba kukawachonderera. Anati azimanga yekha mfundo, iwo azingokhala m'bwato n'kumalangiza. Mawu amenewa ndi omwe anawapweteka kuposa onse. Anamuyankha kuti iwo si katundu, ndipo lamulo sanaikire anthu ena okha.

Masiku ano a Mphande amalima chinangwa kumtunda, kutsidya kwa msewu. Kulima sakukudziwa, ndipo amadana nako. Munda wawo unachita malire ndi wa Gift, yemwe walimapo zaka khumi ndi zinayi chitsitsidwire m'bwato. Anthu ankayembekeza kuti Gift aseka, ndipo akanaseka palibe akanamudzudzula. Koma mpaka lero sanafunse chomwe chinatsitsa akulu ake. M'mawa uliwonse amangowagwira pamkono n'kuwaimika pomwe mzere wayambira, chifukwa okha sauona.