Nyuzipepala yovundikira mbale

Ndikukumbukira khonde lathu ku Chilomoni, ndi mipando iwiri ya nsungwi imene ana sitinkaloledwa kukhalapo. Wina unali wa bambo anga, amene anali mphunzitsi. Winawo unali wa a Makawa, aneba athu a kumtunda, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina ya mabasi. Akaweruka, awiriwa ankawerama pa tsamba limodzi la nyuzipepala, lija la kolosiwedi: timabokosi toyera ndi takuda, timene umalembamo mawu a Chingerezi poyankha mafunso a m'mbali mwake.

Ntchitoyi ankagawana bwinobwino. Za mayiko, mitsinje ndi mbiri yakale zinali za bambo ndi bolopeni yawo yabuluu. Za mpira, nkhonya ndi zitsulo za galimoto zinali za a Makawa, amene ankalemba ndi yofiira. Tiyi ankazizira m'makapu iwo akukangana. Ine ndi Esinati, mwana wa a Makawa, tinkasewera phada m'munsi mwa khondelo mpaka kutiitana kokasamba.

Chaka china kunagwa mvula yoopsa. Ku Chilomoni madzi sapempha njira, amangotsika phiri. A Makawa anakumba ngalande kuti apulumutse khitchini yawo, ndipo madzi onsewo anakhuthukira kwathu, n'kugwetsa mpanda ndi bafa lathu la udzu. M'mawa mwake panatuluka mawu oti sindingawabwereze. Bambo analamula kuti wa m'nyumba mwathu asadzapondenso kumtunda. Zinandiwawa kwambiri. Esinati ndinkangokumana naye pa mpopi, aliyense atayang'ana ndowa yake ngati sitidziwana.

Bambo anapitiriza kolosiwedi okha. Koma tsiku ndi tsiku tsambalo linkatsala ndi mipata, ndipo mipatayo inali ya mpira ndi galimoto. Mayankho ankatuluka m'nyuzipepala ya mawa lake, koma iwo ankati kusuzumira kumeneko sikusiyana ndi kubera mayeso. Panali funso lina la kachitsulo ka mu injini limene linawazunguza mutu sabata yonse. Anafunsa aphunzitsi anzawo, osathandizika. Anafukula dikishonale yawo yopanda chikuto, yonunkha mphemvu, osapezamo kanthu. Mpaka anafunsa kondakitala wa minibasi, amene anangoti, "Madala, ine yanga n'kuitanira basi, za injini afunseni adalaivala."

Ovutika tinali ife. Wailesi ikalira, akuti phokoso. Ukayenda, akuti ukupondetsa. Mpando wa a Makawa unali pomwepo, palibe anayerekeza kuuchotsa, ndipo nkhuku ndi zimene zinkagonapo.

Mayi anatopa nazo. Tsiku lina anaphika futali wa mbatata, wonunkhira nsinjiro nyumba yonse, n'kupakula wina m'mbale ya malata. Povundikira sanatenge mbale inzake monga mwa masiku onse. Anatenga tsamba lija lovutitsa bambo.

"Mphatso, kapereke kwa mayi a Esinati."

"Koma adadi anati tisapondeko."

"Ukaime pamalire n'kuodira. Za mbale sananenepo kanthu."

Kwathu mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu, ndipo mayi ankadalira chimenecho. Madzulo Esinati anaima pamalire pomwepo ndi mbale yathu, muli zitumbuwa zotentha. Chovundikira chinali tsamba lomwe lija, lanyowa mafuta, ndipo mipata yonse itadzaza ndi inki yofiira. Tinagwirana zala mwachangu pansi pa mbale, kenako aliyense n'kuthamangira kwawo.

Bambo analiyang'ana tsambalo nthawi yaitali. Anadya zitumbuwa, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Ndinangotsala pang'ono kuwapeza ndekha." Kumtunda sanapite. Ndinakwiya moti ndikanakhala wamkulu ndikanawayankha.

Loweruka lotsatira bambo anapita ku msonkhano wa kusukulu asanatsegule n'komwe nyuzipepala ya tsikulo. Mayi anasolola tsamba la kolosiwedi likadali loyera, n'kuvundikira nalo mbale ya maungu. Litabwerako ndinakhumudwa, chifukwa a Makawa anali atalemba yankho limodzi lokha. Ndinaganiza kuti nawonso atopa nafe.

Bambo atafika anakhala pakhonde n'kuvala magalasi. Funso limene a Makawa anayankha linali la mtsinje wautali kuposa yonse mu Africa, timabokosi tinayi. Ngakhale ine wa Sitandade 5 ndinkadziwa kuti ndi NILE. Koma iwo anali atalemba ndi zilembo zazikulu, zofiira, kuti MUDI. Mudi wathu wa mu Blantyre yemweyu, wakuda bii ndi zinyalala, woti m'chilimwe malo ena umangolumpha.

Kugwa kwa bafa bambo anakupirira, koma izi ayi. Anavala masilipasi mosemphanitsa n'kukwera chitunda chija, nyuzipepala ili m'manja, ine pambuyo pawo.

"A Makawa! Mudi? Inuyo munthu wamkulu mwalemba Mudi pa nyuzi yanga?"

A Makawa anatuluka pang'onopang'ono, manja kumbuyo, nkhope ngati ali m'tchalitchi.

"Aphunzitsi, za mitsinjezi ine mutu ndilibe nazo. Simunaone mmene ndinakumbira ngalande ija?"

Ndinaona milomo ya bambo ikunjenjemera, akulimbana ndi chiseko chimene chinkafuna kutuluka. Anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali.

"Tatengani bolopeni yanuyo tizipita. Pali za mpira zambirimbiri lero."

Ndinathamangira kukhitchini kumene kunali Esinati, ndipo tinalira ngati kwagwa maliro, mayi ake akutiseka. Sabata yomweyo azibambo awiriwo anakumbanso ngalande ija kuti ilunjike ku msewu, akukangana za mbali imene yatsetsereka.

Masiku ano Chilomoni wasintha. Mipanda ndi ya njerwa, pamwamba pali magalasi osweka, ndipo mbale za chakudya siziwolokanso kawirikawiri. Funso likakuvuta sufuna neba, umangofunsa foni, yankho n'kubwera tiyi asanazizire. A Makawa anatisiya zaka zingapo zapitazo. Bambo anapuma pa ntchito, koma kolosiwedi sanasiye.

Mwezi wathawu nditapita kukawaona ndinapeza tsamba pa mpando, mayiko ndi mitsinje zonse zitalembedwa ndi buluu, koma mipata ingapo ili yoyera. Ndinatulutsa foni, n'kuwauza kuti ndiwapezera mayankhowo pompopompo. Anawerama n'kuona mafunso amene ndinkaloza. Lina linali la mpira, lina la galimoto. Anandikankha dzanja mofatsa.

"Asiye amenewo, mwanawe. Si anga."