Zilembo Zazikulu za Alamu Anga

Alamu anga ndi munthu wa magetsi. Zaka makumi atatu akhala akukwawa m'madenga a anthu, tesitala yoyezera magetsi ili kukhutu ngati pensulo ya kalipentala, ndipo sindinawamvepo akufotokozera munthu chimene chinavuta. Amafika, amatsegula bokosi, kugwiragwira, babu n'kuyaka. Mukafunsa kuti chinali chiyani amangoti, "Ndakonza." Mukafunsanso amayamba kukulunga waya wawo.

Ndiye Mulungu ndi nthabwala zake anawapatsa mkazi wokonda zifukwa. Achemwali anga amaphunzitsa masamu kusekondale, ndipo yankho lanu likhale lolondola chotani, ngati simunaonetse njira amakupatsani theka la malikisi. Ine ndinakula nawo, ndikudziwa chimene ndikunena.

Zaka zisanu zapitazo achemwali anatopa ndi kumata timapepala pakhoma la ofesi, nalemba pulogalamu ya pakompyuta yokonza ndandanda wa maphunziro, kuti mphunzitsi mmodzi asamapezeke m'makalasi awiri nthawi imodzi. Anaiika poyera pa intaneti kuti aliyense aitenge ulere, aone mmene inalembedwera, akafuna atumize zosintha zake. Lero masukulu ambiri akuigwiritsa ntchito ndipo othandiza aposa khumi. Koma makiyi olowetsera zosinthazo ali ndi anthu awiri okha, achemwali ndi bambo wina wakutali amene sitinamuonepo nkhope. Pachithunzi chake pamaoneka chipewa chokha, choncho pakhomo timamutchula kuti a Chipewa.

Malamulo awo ndi awiri. Chosintha chilichonse chibwere ndi kakalata konena chimene mwasintha ndi chifukwa chake. Ndipo palibe cholowa woyang'anira asanavomereze. Ngakhale cha achemwali eni ake chimadikira a Chipewa.

Bondo litayamba kukana makwerero, alamu anagula laputopu yakale n'kuyamba kuphunzira zolemba mapulogalamu. Tinawaseka, inenso ndinaseka kwambiri. Koma munthu wozolowera kulondola waya mumdima sasochera msanga. Patatha chaka anatumiza chosintha chawo choyamba, chokulitsa zilembo ndi manambala onse a pulogalamuyo. Pa kakalata kofotokoza analemba mawu amodzi: "Ndakonza."

Tsono muone mmene pabalaza pawo pakhalira. Tebulo ndi limodzi. Achemwali amakhala pansi pa babu, alamu kufupi ndi zenera, pakati pawo pali mbale ya makiyi ndi mulu wa makope. Achemwali anasendeza nkhope kufupi ndi sikirini, nalemba poyera, pamene othandiza onse amawerenga: "Zikomo chifukwa cha ntchito yanu. Chonde fotokozani chifukwa chake."

Alamu anadzutsa mutu. "Mayi, ine si ndili pompano? Simungangondifunsa?"

"Pano ndinu amuna anga. Umo ndinu wothandiza ngati wina aliyense."

"Nanga chinthucho chikugwira kapena sichikugwira?"

"Chikugwira. Koma wobwera zaka zisanu zikubwerazi adzadziwa bwanji chimene munkaganiza? Adzakufunsani muli kuti?"

Zinakhala choncho mwezi wathunthu. Alamu anasintha kakalata kaja n'kukhala "Ndakonza zilembo." Achemwali anawabwezera. Alamu anawonjezera kuti "Zinali zazing'ono." Anawabwezeranso, ati zazing'ono kwa yani, popeza palibe sukulu inadandaulapo. Apa n'kuti kutatsala masabata awiri kuti masukulu atsegule, tsiku limene pulogalamu yatsopano imatuluka. Chosalowa pofika tsikulo chimadikira chaka china.

Loweruka lina m'mawa ndinapita ndi makina anga ometera kuti alamu awaone, pakuti ine ntchito yanga ndi yometa. Ndinapeza achemwali akudandaula kuti babu ya pabalaza yayambanso kuchita mdima, ngakhale alamu anali ataisintha katatu. Kenako anatenga chikwama n'kuthamangira kumsonkhano wa aphunzitsi, laputopu yawo n'kuisiya yotsegula.

Alamu anaizungulira kawiri ngati mphaka pa mbale ya eni ake.

"Alamu, musatero," ndinatero ine.

"Kabatani kamodzi kokha, alamu. Kobiriwirako, kovomerezera."

Anadina. Chosintha chawo chinalowa m'dzina la akazi awo, ndipo anakonza makina anga akuimba likhweru.

Likhwerulo silinakhalitse. Achemwali pofika masana anapeza a Chipewa atalemba kale: "Ndaona mwavomereza chinthu chopanda chifukwa. Si khalidwe lanu. Muli bwinobwino?" Ine ndinayembekeza phokoso, ndipo kunena zoona ndinakhalira lomwelo. Koma achemwali anangokhala pansi, nachotsa chosintha chija, nalemba poyera kuti munthu wina wagwiritsa ntchito kompyuta yawo, kuti wolakwa ndi iwo amene anaisiya yotsegula, ndipo kuti akutula makiyi awo kwa masabata awiri.

Chimenechi chinawalasa alamu kuposa kukalipiridwa. "Mayi, wolakwa ndine. Mukudzilanga bwanji?"

"Lamulo likapanda kundiluma ine, lidzaluma yani? Tsopano nkhani yanu ili m'manja mwa a Chipewa. Muwalembere chifukwa pofika Lachisanu, apo ayi aitseka."

Masiku atatu otsatira alamu anakhala pabenchi ya m'shopu mwanga, laputopu pamiyendo, akulemba ndi chala chimodzi n'kumafufuta. Makasitomala ankayesa akudikira kumetedwa. Ndinawauza kuti angopeka chifukwa chilichonse, anene kuti mphunzitsi wina wadandaula. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti alumikize waya ndi pepala la switi.

"Chifukwa chilipo, alamu. Kungoti chikanenedwa, mwina ine ndigona pabalaza."

Lachisanu madzulo ndinapita kwawo dala, pakuti nkhani ngati imeneyi sumaimvera kwa anthu. Achemwali anatsegula tsamba pamene panali kakalata katsopano ka alamu. Anasendeza nkhope pafupi, kenako anaibweza kutali, anatsinzina diso limodzi. Anayang'ana babu. Ndiyeno ananena chinthu chimene sindinawamvepo chibadwire.

"Achimwene, tandiwerengerani."

Ndinawerenga mokweza: "Kukulitsa zilembo ndi manambala. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene amagwiritsa ntchito pulogalamuyi kuposa wina aliyense sakuonanso bwino. Teremu yatha anasokoneza 3 ndi 8, natumiza aphunzitsi awiri m'kalasi imodzi, ndipo anakhala masiku awiri akufufuza vuto mu pulogalamu, pamene munalibe vuto. Amati ndi babu. Ine ndine wa magetsi, ndasintha babuyo katatu, ndipo ndikutsimikiza kuti si babu. Sindinafune kunena, chifukwa ndi munthu wosakonda kuuzidwa. Koma iye mwini anaika lamulo loti tizinena chifukwa."

M'munsi mwake a Chipewa anali atayankha kale: "Ndavomereza. Inenso ndakhala ndikuwerenga ndi galasi lokulitsira chaka chonsechi, ndimangochita manyazi kunena." Othandiza ena atatu anali atalembanso kuti iwonso chimodzimodzi.

Alamu anali atatenga pulagi yabwinobwino n'kumaimasula. Ine chifundo chinandigwira, sindibisa, ndipo ndinakonda munthu ameneyu kuposa kale.

Achemwali anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nati, "Mzere wachiwiri watalika kwambiri. Mukanaudula pawiri."

"Ndamva, abwana."

Achemwali anatsegula pulogalamu yatsopanoyo. Manambala anatuluka akuluakulu ngati a pa basi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinawaona akuwerenga atatsamira kumpando. Anawerenga ndandanda wonse mpaka pansi, kenako anatseka laputopu bwinobwino.

"Bambo, Lolemba mundiperekeze kwa dokotala wa maso."

Alamu anaika pulagi patebulo, naika tesitala kukhutu, napinda manja.

"Zikomo chifukwa cha pempho lanu, mayi," anatero. "Chonde fotokozani chifukwa chake."