Mmene Janeth Anaphunzirira Kuloza Chala

Janeth anabadwira mu komboni ya pulazi ya fodya kufupi ndi Norton, tauni ya pafupi ndi Harare. Agogo ake aamuna anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nadzafera pa pulazi yomweyo osaonanso kwawo. Bambo ake, a Lazalo, ankayendetsa thirakitala. Mwana wawo atapeza ntchito ya mu ofesi m'tauni, anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu, ngakhale amene sanafunse.

Kampaniyo inali yaing'ono, ya achinyamata okhaokha. Inkagulitsa timakina tokwirira m'munda, touza mlimi pa foni kuti nthaka yauma, athirire. Ntchito ya Janeth inali kuyankha mafoni a alimi. Pambali pake pankakhala Silence, mayi wa ku Mhangura amene makolo ake anachokera ku Tete. Ndiye anamuphunzitsa ntchito. Masana ankadyera mbale imodzi kuseri kwa ofesi, akucheza m'Chichewa chakwawo.

Mvula itayamba, timakina tija tinayamba kufa. Madzi ankalowa mkati. Tina tinkalira kuti munda wauma chonsecho tili m'matope. Alimi ankatukwana pa foni kuyambira m'mawa, malipiro ankachedwa, ndipo anyamata odziwa kukonza zinthu anayamba kuthawira ku Harare mmodzimmodzi.

Mwini kampani, Bwana Takudzwa, anali munthu wolankhula mofatsa, wosavula jekete ngakhale kutenthe bwanji. Anasonkhanitsa onse.

"Makina athu alibe vuto," anatero. "Vuto lili m'mitima mwanu. Muno mwalowa mzimu wodandaula, ndipo tiuchotsa."

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse ankaimirira mozungulira, kuwomba m'manja ndi kufuula kuti kampani ndi banja limodzi. Akatha, aliyense ankayenera kuloza mnzake amene akubweza anthu m'mbuyo. Wolozedwa ndi ambiri ankamusamutsira pa tebulo la pafupi ndi chimbudzi sabata yonse, osamulankhula munthu. Zala zikamubwerera kawirikawiri, ntchito yatha.

Anthu anasiya kuseka. Munthu akapita kukamwa madzi ankatembenuka kuona amene akumuyang'ana. Ena anayamba kugulirana zakumwa Lachinayi.

Silence yekha ndiye sanasunge pakamwa. Anali ndi pakati pa miyezi yambiri ndithu, miyendo itatupa, ndipo kuimirira kowomba m'manja kunkamupweteka. Tsiku lina anakweza dzanja.

"Bwana, alimi sakudandaula za mitima yathu. Akuti makina akulowa madzi. Bwanji osawauza zoona?"

Bwana anamwetulira n'kumuthokoza. Madzulo ake anaitana Janeth mu ofesi.

"Sisi Janeth, anzanu kunoku akuti inu awiri mumatinena m'chilankhulo chanu. Akuti mabhurandaya amabisirana zinthu. Ine sindikhulupirira, koma sindingaletse zala za anthu. Muone nokha kumene mwaima."

Mawu akuti mabhurandaya Janeth anawazolowera kuyambira kusukulu, ana Achishona akamanyoza a m'komboni amene makolo awo anachokera kunja. Koma tsikulo anatuluka mu ofesimo akuwaganizira. Mu kombi yobwerera kwawo anaganiza za bambo ake, ndi za shedi ya fodya kumene amayi ake anakalambira akutsokomola.

Lachisanu zala zinagawikana: zina kwa Silence, zina kwa Janeth. Wotsala kuloza anali iye yekha. Silence anamuyang'ana mopanda mantha, ngati munthu wodziwa kuti m'bale wake ali pomwepo. Janeth anakweza dzanja n'kumuloza.

"Chifukwa chake?" anafunsa bwana.

"Amagwetsa anthu mphwayi, bwana. Ngakhale ineyo amandiuza kuti kampani ikufa."

Zinali zoona, Silence ananenadi zimenezo, pa mbale yawo kuseri kwa ofesi.

Sabata yotsatira Janeth anamulozanso. Mwezi usanathe Silence anachotsedwa. Analongedza kapu yake ndi nsapato zofewa zimene ankavala miyendo ikatupa. Podutsa pa tebulo la Janeth anaima.

"Achemwali, ndikachira mudzabwere kudzaona mwana," anatero.

Janeth anakweza foni imene sinalire, nayamba kupereka moni kwa mlimi amene kunalibe.

Bwana anakondwa naye. Anamupatsa udindo wotsogolera bwalo la Lachisanu, ndipo Janeth anaugwira bwino zedi. Ankadziwa amene wausa moyo, amene wachedwa kuwomba m'manja, amene walira m'chimbudzi. Anthu ankamupatsa moni asanafike n'komwe pafupi. Anapeza kuti zimenezi zikumukomera.

Makina sanasiye kufa. M'mawa wina antchito anapeza loko watsopano pachitseko. Bwana Takudzwa anali atapita ku Joni, ndipo foni yake sinkalowanso. Anthu anaima panja kanthawi, kenako anabalalika. Palibe anatsanzika Janeth.

Anabwerera ku komboni. A Lazalo anali atasiya kutuluka madzulo poopa mafunso a anansi. Koma mwini pulazi atamva kuti mtsikanayo ankayang'anira anthu m'tauni, anamupatsa ukapitawo wa amayi osankha fodya mu shedi. Ambiri mwa amayiwo anamubereka kumbuyo ali khanda.

Janeth alipo mpaka lero. Chaka chatha, nthawi yosankha fodya, Mayi Keziya, mnzawo wa amayi ake a Janeth, anafika dzuwa litakwera chifukwa anachezera ndi mdzukulu wotsegula m'mimba. Anagwada pakhomo la shedi.

"Mwanawe, ndikhululukire lero lokha."

"Kuno kulibe mwana wanu, mayi," anayankha Janeth. "Malo anu ndapatsa kale wina."

Mayiyo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira mphuthu ya chitseko. M'shedi monse munangomveka phokoso la masamba ouma.