Nyanja ya Pakhoma la Abwana

Bodza langa linagwidwa ndi galasi la chithunzi.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Kempton Park. Pabalaza pa abwana panali chithunzi chachikulu cha nyanja yamchere, dzuwa likutuluka m'madzi. Anachijambula okha ku Durban, ndipo mlendo aliyense ankayamba wamva mbiri yake asanalandire tiyi. Ine ndinkachipukuta fumbi Lolemba lililonse. Kwathu ku Mchinji ankadziwa kuti ndimagwira mu ofesi pafupi ndi bwalo la ndege. Ndinawauza choncho chaka choyamba, chifukwa cha manyazi kuti munthu wa Folomu 4 ndikukolopa m'nyumba za eni. Zithunzi zomwe ndinkatumiza zinali za Lamulungu zokhazokha, nditatchena, nditatsamira galimoto ya munthu wosamudziwa.

Bambo anga anakumbako golide konkuno ali mnyamata. Zaka zonsezo anaona mgodi ndi komboni basi. Anzawo ankasimba za nyanja yopanda tsidya, koma iwo anabwerera kumudzi osaiona. Maso awo atayamba kuchita chifunga, achipatala n'kunena kuti sadzabwereranso mwakale, anandiyankhula pa foni ya mng'ono wanga.

"Iwe uli komweko. Ukandionereko nyanja ija, unditumizire chithunzi maso asanatseke."

Durban ndi kutali, tsiku langa lopuma linali limodzi, ndipo nzeru zoipa sizichedwa kubwera. Ndinaima patsogolo pa chithunzi cha abwana, n'kuchijambula ndi foni, n'kutumiza. Pansi pake ndinalemba kuti, "Ndafika, bambo."

Patapita masiku awiri mng'ono wanga anaimba akuseka mpaka kutsamwa.

"Asisi, nyanja yanuyi ili ndi makatani?"

Anali atachikulitsa ndi zala. M'galasi munkaoneka zenera la pabalaza, makatani, ndi ineyo: duku kumutu, yunifomu ya pinki, nsanza yopukutira paphewa.

"Bambo aona?"

"Ndawakulitsira. Ayang'ana nthawi yaitali, koma sananene kanthu."

Bola akanandikalipira. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa khofi. Ndinalumbira ndekha, mopu ili m'manja, kuti nyanja yeniyeniyo ndikaijambula ndi manja angawa, zivute zitani.

Kutchalitchi kwathu ku Brakpan kuli bambo wina wa ku Chipata amene amajambula maukwati. Tonse timangowati amalume. Nditawafotokozera, anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Manje mufuna nyanja, koma na dzuwa lomwe simunalijambulepo? Sisi, dzuwa siliyembekeza munthu. Mubwere ku damu pa Sande, kusanache."

Munali mu Juni. Amene sanaimepo m'mphepete mwa damu la ku Brakpan m'bandakucha mwezi umenewo asamakambe za kuzizira. Zala zinkauma, mphuno ikuchucha. Kutsidya kunali bango, mabotolo otayidwa, ndi chimulu chachikasu cha mchenga wa mgodi, mwina womwe bambo anga anatulutsako pansi. Amalume sankanyengerera munthu. Choyamba pukutani diso la foni ndi nsonga ya chitenje. Panikizani zigongono kunthiti. Gwirani mpweya. Dinani pomwe pakuwala kwambiri kuti thambo lisayere ngati ufa. Ndikawaonetsa zomwe ndajambula, ankapendeketsa mutu kutsanzira chithunzicho.

"Eish, madzi yanu yakwera phiri futi. Munaonapo kuti madzi yopendekeka?"

Ndinkapsa mtima, chifukwa ine kusekedwa sindikukonda, koma Lamulungu linalo ndinkapezeka ndafika iwo asanafike. Kumeneko ndinaphunzira chinthu chomwe sindinkachidziwa ngakhale ndinakulira kumunda: mitundu yokongola imabwera dzuwa lisanaoneke. Likangotuluka lonse, zatha, longedzani muzipita.

Patatha miyezi iwiri abwana anapita kutchuthi, n'kundipatsa masiku atatu. Nthawiyo mng'ono wanga anali atandiuza kuti diso lamanzere la bambo latsekeratu. Ndinakwera basi ya ku Durban.

Ndinafika Lachisanu masana, n'kulunjika kunyanja chikwama chili kumsana. Phokoso lake ndinalimva ndisanaione. Nditaiona, ndinakhala pansi pamchenga. Ndinati ndiyambe ndi kulowa kwa dzuwa, la m'mawa lidzakhale lachiwiri. Ndinadikira, foni nditaipukuta, zigongono kunthiti. Madzi ankangoda. Mayi wina wogulitsa zigubu zotungira madzi amchere anandifunsa chomwe ndikudikira, ndipo nditamuyankha m'Chizulu changa chothyokathyoka anawomba m'manja.

"Hawu, sisi! Tembenuka!"

Dzuwa linali likulowa kumbuyo kwanga, kuseri kwa mahotela. Ku Durban limatulukira m'madzi koma limalowera kutauni. Ndinadziseka ndekha, ngakhale mumtima munali mowawa.

Ndinagona kwa mayi wina wa mpingo wathu. Loweruka ndinalawirira, koma kunacha ndi mvula yamvumbi. Nyanja ndi thambo zinali mtundu umodzi, ngati bulangete lakale. Ndinaima maola awiri, ndinanyowa, ndinabwerako ndi zithunzi zoti ngakhale wa maso awiri sakanaonapo kanthu. Mayi a kumpingo aja anandimvera chisoni, nati pamsika amagulitsa makadi okongola a nyanja, ndingogula limodzi ndijambule. Ndinawayang'ana, ndipo sanabwerezenso.

Kunatsala m'mawa umodzi, basi yanga inali ya naini koloko. Lamulungu ndinafika kukadali chisisira. Mitambo inalipobe, koma pansi penipeni, pomwe madzi amathera, panali kampata kopyapyala. Ndinavula nsapato n'kulowa mpaka m'akakolo. Kampata kaja kanachita chikasu, kenako kufiira, kufiirako n'kutayikira pamadzi kudza mpaka pamapazi anga. Ndinagwira mpweya. Funde linandimenya m'maondo, siketi yonse n'kunyowa, koma zigongono sizinachoke kunthiti. Ndinadina, ndinadinanso, mpaka dzuwa linalowa m'mitambo.

Chithunzi chimodzi chokha ndicho chinatuluka bwino. Madzi anali owongoka, kutali kukuoneka kasitima. Sichinkafika pa cha abwana, koma chinali changa. Ndinachitumiza mapazi ali ndi mchenga.

Yankho linandipeza m'basi, titadutsa kale mapiri. Anali mawu ojambulidwa, bambo akuyankhula pang'onopang'ono monga mwa masiku onse.

"Mwana wanga, ndaiona. Ndi yaikulu ndithu, yofiira ngati makala. Anzanga aja sankanama. Zikomo. Koma mng'ono wakoyu ndamuuza kuti chithunzi choyamba chija asachifufute. Zithunzi zako zonse umaima pa magalimoto a eni, ine osakuzindikira. Muja ndimo ndinaona mwana wanga ali pa ntchito yake. Ine ndinkagwira fosholo pansi pa nthaka kuti iwe udzabadwire m'nyumba ya malata. Nanga nsanza yalakwanji? Kungoti nkhope sikuoneka bwino."

Ndinalira osabisa, mpaka mayi amene ndinakhala naye mpando anandipatsa tishu.

Lolemba m'mawa ndinasita yunifomu ija, ndinamanga duku bwinobwino, nsanza paphewa. Ndinatsegula makatani onse, n'kuima moyang'ana zenera kuti kuwala kugwere pankhope, monga amalume anandiphunzitsira. Ndinapukuta diso la foni, ndinaitembenuzira kwa ine, ndinagwira mpweya, n'kudina.

Mng'ono wanga akuti bambo anaiyandikitsa foniyo kudiso lamanja mpaka kukhudza nsidze, ndipo anakana kumubwezera mpaka batire linatha.