Mbale imene amayi anakwecha

Ntchito yanga yoyamba inali yosunga zinthu za eni ake, zimene sindinkaloledwa ngakhale kuzigwira ndi manja osavala kanthu. Kunali ku Ndola, m'kanyumba kosungiramo zaluso kamene aliyense ankangoti myuziyamu. Ufulu tinali titangolandira kumene, kopa akuyenda malonda, ndipo azungu a m'migodi amene ankabwerera kwawo ankatisiyira zonse zimene zakana kulowa m'mabokosi awo: zithunzi zopenta za akatswiri a ku Katanga, ziboliboli, ng'oma, mitanga, mipando yosema. Ine ndinali mtsikana wongochoka kumene kusukulu, ndipo magolovesi anga oyera ndinkanyada nawo kuposa nsapato za Lamulungu. M'mawa ndinkachotsa fumbi ndi kaburashi kofewa, n'kusuzumira pansi pa chosema chilichonse kuona ngati afumbwe asiyapo ufa. Dzuwa likayamba kuwomba zithunzi, ndinkatseka makatani.

Abwana athu anali Mbemba wa ku Kasama, munthu wakuda woyamba kuyendetsa malowo, ndipo zosamala zinthu zakale anakaziphunzira kunja. Popeza ife kwathu ndi ku Katete, iwo ndi ine tinali pachimbuya, ubale uja umene Mbemba ndi munthu wakum'mawa amanyozana momwe angafunire popanda wokwiya. Akalowa m'mawa ankati, "Iwe wakudya mbewa, misampha yanga ili empute, mulibe mbewa ndi imodzi yomwe. Wapita nazo kwanu ku Lubuto?" Ine ndinkayankha kuti mbewa zathawa fungo la nyani amene iwo anadya dzulo. Koma pa ntchito analibe chibwana. Ukanyamula chithunzi ndi dzanja limodzi, nkhope yawo inkasintha pomwepo.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti khomo linali lotsegukira aliyense, koma anthu athu sankabwera. Amayi anga, amene ankakhala ku Bulangililo ku Kitwe, nditawaitana anandiseka. "Ndikwere basi kukaona mitondo? Kwathu inatha?" Pamenepo n'kuti ife tikubwereketsa zithunzi ku mahotela, ku mabanki ndi ku maofesi a migodi, kumene zinkapachikidwa pamwamba pa mitu ya anthu osaziyang'ana n'komwe. Ndinayamba kuwavutitsa abwana, lero ndi mawa, kuti tibwereketsenso kumakomboni. Ine ndikagwira nkhani sinditaya msanga, ndipo iwo anatopa nane. Anakaipereka ku komiti, imene munali mukadali azungu angapo osakhulupirira za ife, ndipo yankho linabwera lomveka bwino: tiyese kamodzi, ku holo ya mpingo wa amayi anga. Chinthu chimodzi chokha chikabwera chitawonongeka, zobwereketsa kumakomboni zithere pomwepo.

Pakati pa zimene tinasankha panali mbale yamtengo ya ku Bulozi, yaikulu, yachivundikiro, pamwamba pake atasemapo abakha awiri. Inachokera m'nyumba ya mzungu wina wa ku Garneton. Tinkaisunga m'kabati yagalasi. Inali yakuda bii, yonyezimira ngati aipaka mafuta, ndipo abwana ankaikonda kuposa zonse. Tinaikulunga m'bulangete, tinaiika m'bokosi, lole inanyamuka. Akuluampingo ndinawalangiza zonse zimene ndinkadziwa: zisagwe, zisanyowe ndi mvula, zisakhale padzuwa, ana asakwerepo, wina asazigwire pamene anthu akuona.

Chionetsero chinayenda bwino moti mpaka lero ndikachikumbuka ndimamwetulira. Anthu ankabwera atavala za ku tchalitchi. Abambo ochokera ku shifiti ya kumgodi ankaima pa chithunzi cha mgodi n'kumakangana kuti ndi shafiti iti, wina mpaka kulumbira kuti kadontho kakuda ka pakona ndi iyeyo. Akatolika a tsidya lina la msewu anabwera gulu lonse, ndipo amayi a chigwirizano cha mpingo wathu anawalandira ngati zinthuzo anasema okha. Tsiku lotseka ndinatsagana ndi zithunzi pa ulendo woyamba wa lole. Bokosi la zosema linatsala kuti libwere mawa lake, ndipo amayi anga anandiuza kuti ndisadandaule, alongedza bwinobwino.

Bokosi litafika ku Ndola, linkalemera kuposa momwe linapitira. Abwana anazula misomali, ine ndinafunyulula bulangete, ndipo tonse tinangoti kakasi. Mbale ija inali yoyera mbee, ngati yosemedwa dzulo. Abakha anali oyera ngati abakha enieni. Nditatsegula chivundikiro, m'kati munali mtedza wosenda, wodzaza mpaka m'milomo.

Za mtedza abwana anaseka, poti nawonso anabadwa kwa mayi. "Imwe bantu! Mwabweretsa na nyambo ya mbewa zanu!" Koma atayendetsa chala pamsana pa bakha, kuseka kunatha. Anakhala pamwamba pa bokosi, chinthu chimene ankatiletsa tonse. "Iyi yaonongeka, mwana wanga. Komiti nizaiuza chani? Kukomboni kwasila, zobwereketsa zathera pano." Walira mvula walira matope, ndipo matope anga anali amenewa.

Loweruka ndinapita ku Bulangililo mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza amayi akuchapa pampopi, ndipo ndinayamba kuyankhula ndisanapereke ndi moni womwe.

"Amayi, mbale ija mwaichita chiyani?"

"Taitsuka. Bwanji, yatsala pena? Tinaikwecha anthu atatu, ndi phulusa, mchenga ndi chitsononkho. Abakha aja ndiwo anativuta m'mapiko."

"Mwaiononga! Kuda kuja ndiko kunali kofunika!"

Amayi anaimika kuchapa n'kundiyang'ana ngati ndayamba misala. "Iwe, ndinakulera ndine. Unaona liti mbale ya eni ake ikubwerera yakuda, kapena yopanda kanthu? Sabata yonse tachita manyazi, Akatolika akuona litsiro lija pathebulo pathu. Tinangopirira poti unati tisagwire anthu akuona. Manje tabweza monga anthu, ukuti taononga?"

Ndinawauza kuti chifukwa cha mbaleyo sitidzabwereketsanso kanthu ku komboni iliyonse, ndipo misozi inanditsika, ya ukali ndi ya chisoni pamodzi. Amayi anapitiriza kuchapa, ndipo ine ndinabwerera ku Ndola ndisanadye.

Lolemba m'mawa ndili kuchipinda chosungira katundu, ndinamva nkhuku ikulira. Ndinaganiza kuti ndi kunja. Inaliranso, mawu ake akumveka m'holo ya zithunzi. Nditathamangira kumeneko ndinapeza amayi atayima pakati pa chipinda, atavala yunifolomu ya chigwirizano, bulauzi yoyera yositidwa bwino, tambala wofiira ali m'khwapa. Munthu amene anakana kukwera basi kukaona mitondo anali atalowera khomo la kutsogolo, mlonda akuwatsata pambuyo osadziwa kuti agwire ndani, mayi kapena tambala.

Abwana atatuluka mu ofesi, amayi anagwada n'kupereka tambalayo ndi manja awiri. "Ambuya, ndabwera kudzapepesa. Mwanayu alibe mlandu, manja ake ndi anga. Landirani nkhuku, mulaweko nyama ya anthu, anyani apumeko."

Abwana anayesetsa kulimbitsa nkhope koma zinawakanika. Anamulandira tambala, anam'patsa mlonda, n'kuwadzutsa amayi. "Ba mayo, imani. Bwerani muone." Anawatengera kuchipinda chosungira katundu, kumene alendo sankalowa, ndipo anatsitsa mbale ina yakale, yakuda ngati momwe inalili ija. Anawaonetsa m'mphepete mosalala, momwe zala zinkagwira. Anati kuda kumeneko si litsiro la ulesi. Ndi utsi wa m'nyumba, mafuta a chakudya, ndi manja a anthu onse amene anadyerapo, mayi kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu. Anthuwo anapita kalekale, mayina awo palibe akuwadziwa, chotsala chawo ndi chimenecho basi.

Amayi anayang'ana mbale yakudayo, kenako yawo yoyera ija imene inali pambali. Anagwira pakamwa. "Mayo ine. Ndiye kuti ndinatsuka manja a amayi a eni ake." Sindinawaonepo atachita manyazi chotero, ndipo ukali wanga wonse unasungunuka, ndinawamvera chisoni. Abwana anati madzi akatayika saoleka, palibe mankhwala obwezera kuda koteroko.

Kenako amayi anawongola duku lawo, ndipo ine amene ndinkawadziwa ndinaona kuti kukubwera nkhani.

"Mwati ndi utsi, mafuta ndi manja?"

"Ee, mukwai."

"Nanga muno m'galasi muli utsi? Muli manja? Mwanayu ndiye amavala ndi magolovesi omwe. Mukaisunga muno idzakhala yoyera mpaka Yesu adzabwere. Tibwerekeni ifeyo. Kwathu manja ndi ambiri, maukwati, maliro, ubatizo. Tinaiyeretsa ndife, tiidetsanso ndife."

Abwana anaseka mpaka kugwira khoma. Atapuma anaiyang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kunena zoona, m'galasi sikanabwereramo, poti chimene anthu akanadzaonera chinali chitapita. Anawauza amayi kuti akayesa, koma asayembekezere zambiri. Ku komiti anakanena zoona zokhazokha, kuti mbale yaonongeka ndipo chimene chaiononga ndi ulemu. Anatenganso mtedza uja atawukazinga n'kuwuika pathebulo. Zimene anakambirana m'katimo sindinazimve, ndinangoona mbale ya mtedza ikutuluka yopanda kanthu, abwana akunditsinzinira diso. Zobwereketsa kumakomboni zinapitirira, koma ndi lamulo latsopano limene ndinkalinena ndi pakamwa panga kulikonse kumene lole yaima, m'Chinyanja ndi m'Chibemba: musatsuke, musapake mafuta, ndipo mphatso ibwere padera.

Mbale ya abakha inapita ku Bulangililo ngati yobwereka, ndipo chaka chilichonse inali ntchito yanga kukaiona ngati ili bwino. Amayi anasanduka mlonda wake woopsa. Mtsikana wina atangoiyandikira ndi phulusa, anamva mawu amene sanayenere kutuluka m'kamwa mwa mayi wa chigwirizano. Inkapukutidwa ndi kansalu basi. Ndikafika ankaitulutsa n'kuiika padzuwa la pakhonde kwa kamphindi, akundifunsa ngati wophunzira wodikira mayeso: "Yayamba kuda?" Ine ndinkati yayamba pang'ono, ngakhale zaka zoyambazo kusintha kwake kunali kovuta kuona.

Tsiku limene tinaika amayi m'manda, anthu atabwerera kunyumba ya siwa, mayi wina wa chigwirizano anadutsa pakati pathu akugawa mtedza m'mbale yamtengo. Poyamba sindinaizindikire. Atafika pa ine ndinaona abakha awiri aja, misana yawo itada, m'mphepete mwa mbale mukunyezimira momwe zala zimagwira. Ndinailandira ndi manja awiri, opanda magolovesi, ndipo ndinaigwira nthawi yaitali mpaka mayiyo anandinong'oneza kuti ena akudikira.