Nyengo Imene Tinati Ndi Khunyu

Panali kapu yachikasu ya pulasitiki imene amayi anaimanga ulusi wofiira pachogwirira. Inkakhala yokha pamwamba pa filiji, ndipo ine anandiuza kamodzi kokha: “Ukadzamwera imeneyi, udzandiona.” Inali kapu ya mtsikana wa pakhomo loyang'anizana ndi lathu.

Zinali zaka za m'ma 1970, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Abambo ankaphunzira pa yunivesite ku North York, kutsidya kwa nyanja, ndiye tinkakhala m'nyumba yosanja, kumwamba kwenikweni, pansanjika ya nambala 14. Amayi ankasunga ana a anthu masana, ntchito imene tinkangoti kubebisita. Mtsikanayo anabwera kuzizira kutangoyamba, wondiposa zaka ziwiri. Anachokera kudziko lina la ku Central America pamodzi ndi azakhali ake, amene ankasoka zovala pafakitale mpaka madzulo. Azakhaliwo analibe kwina komusiya tikaweruka kusukulu, koma kwathu basi.

Anali mwana wodabwitsa. Chikepe sankakwera ngakhale umukoke, ankayenda masitepe onse aja n'kufika ali wefuwefu. Akalowa ankakhala pafupi ndi chitseko, jekete osavula. Amayi ankati, “Mwana wanji wokhala ngati akudikira basi?” Chingerezi chake chinali chongotola, changa chamatama, ndiye sitinkacheza.

Tsiku lina kunaomba chimphepo. Mawindo anayamba kulira, nyali yolendewera pamwamba pa tebulo inagwedera pang'ono chabe. Tinangoona mtsikana uja wadziponya kunsi kwa tebulo, thupi lonse njenjenje, mano akugundana, maso ali tong'o koma osaona munthu. Mkodzo unayenderera mpaka pamwendo wa mpando. Amayi anakuwa, “Mayo ine, khunyu!” n'kundikankhira kukhoma.

Sindiwaweruza amayi. Kumudzi kwathu ku Dedza anakula akumva kuti khunyu imapatsirana m'malovu, ndipo anaonapo msuweni wawo akugwera pamoto. Lero ndikudziwa kuti khunyu sipatsirana, ndiponso kuti ija sinali khunyu n'komwe. Koma mantha omwewo ali nawo, anamusambitsa, anamuveka diresi yanga ya kutchalitchi, n'kumupesa tsitsi akung'ung'udza nyimbo. Ulusi uja anaumanga tsiku lomwelo. Madzulo anafotokozera azakhali aja ndi manja, iwo akungolira ndi kupukusa mutu, mawu awo amayi osawamva. Chitseko chitatsekedwa ndinamva akuuza abambo kuti, “Akagwanso ndimubweza. Ndili ndi ana a eni ake pano.”

Apa mpamene ndimachita manyazi. Diresi ija inandiwawa. Zinandiwawanso kuti amayi, amene ine ankandiitana ngati akuthamangitsa mbuzi m'munda, iye ankamulankhula mofatsa. Ndipo mwana wansanje amaona zambiri. Ndinazindikira kuti mtsikanayo akamamwa tiyi sayang'ana munthu, amayang'ana m'kapu, ngati tiyiyo ali phee kapena ayi.

Linali Lachisanu, panja sinoo akugwa, tikudya buledi wopaka majarini. Amayi anali kukhitchini ndi khanda la eni. Ndinalowetsa bondo kunsi kwa tebulo, n'kuyamba kuligwedeza pang'onopang'ono, nkhope yanga ili bwinobwino ngati mwana wa m'kwaya. Tiyi anayamba kuvina. Supuni inalira pambale.

Ndinkayembekeza kuti athawa yekha ngati tsiku lija. Ayi ndithu. Anandilumphira, nandigwira mkono, n'kundikokera pansi mpando n'kugwa. Kunsi kwa tebulo anandigonera ndi thupi lake lonse, manja ake onse awiri ataphimba mutu wanga. Ndinkamva mtima wake ukugunda pamsana panga, mpweya wake wonunkhira tiyi uli m'khutu mwanga. Ankafuula dzina limodzi mobwerezabwereza, dzina losakhala langa.

Amayi atafika anangoona malovu ake patsaya langa. Anandizula m'manja mwake mwamphamvu, n'kunditsuka nkhope ndi sopo mpaka kuwawa. Sabata yotsatira mtsikana uja sanabwerenso. Kwa masiku angapo azakhali ake ankamutsekera yekha m'nyumba, kenako tinamva kuti asamukira kutauni ya Brampton kwa anthu akwawo.

Sinoo atasungunuka, amayi anapita nane kusukulu kukamva za maphunziro anga. Aphunzitsi anafunsa ngati tikumva za mtsikana uja, ndipo amayi ananena za khunyu. Aphunzitsiwo anavula magalasi. Anati kwawo kwa mtsikanayo kunachitika chivomezi, nyumba yawo inagwa, ndipo iye anakhala maola ambiri pansi pa zigumukire asanamufukule. Makolo ake sanatuluke. Mng'ono wake, amene ankagona naye bedi limodzi, sanatulukenso.

Tinabwerera kunyumba. Titafika amayi anakhala pansi jekete osavula, n'kulira kulira kwa pamaliro, kuja kwa kwathu, mpaka a khomo lina anagogoda pakhoma. Ankangoti, “Ndathamangitsa mwana wamasiye ine.” Lamlungu amalume anabwera kuchokera ku Oshawa ndi galimoto yawo, anazungulira nawo Brampton tsiku lonse opanda adiresi. Anabwerako chimanjamanja.

Za bondo langa sindinawauze. Amayi anamwalira akuganiza kuti mlandu wonse unali wawo, ndipo zimenezi zimandidya mpaka lero. Tsopano ndikudziwa kuti mwana amene nthaka inamugwedera pansi pa mapazi, thupi lake siliiwala msanga, ngakhale awoloke nyanja. Ankangofunika munthu womugwira dzanja ndi kumuuza kuti ndi mphepo chabe.

Koma nthawi imeneyo ine ndinali ndi dandaulo langa. Zala zake zinandisiyira mikwingwirima inayi pamkono, ndipo ndinkaionetsa kwa aliyense wobwera kunyumba, ndikunena kuti mtsikana uja anali wamisala, kuti anandigonera n'kundiphimba mutu ndi manja ake onse awiri. Amalume anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti, “Nanga mutu wake iye anauphimba ndi chiyani?” Ndinayankha kuti sanauphimbe. Sindinamvetse chifukwa chake amalume anadzuka n'kukaima pawindo.